TPM, Secure Boot ndi DRM: njira ziti zimasiya kiyi m'manja mwa mwini makina?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imakana kulowa m'kompyuta yopanda TPM 2.0, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi a kompyuta. Mkangano wa amene ayenera kulamulira makiyi a makina, umene kwa zaka zoposa 20 unali wa akatswiri okhaokha, tsopano ukukhudza aliyense wogula laputopu ya kaunjika, wokonza makompyuta, ndi woyang'anira makina a pasukulu kapena mu ofesi.

Chiyambi chake ndi 1999, pamene Compaq, HP, IBM, Intel ndi Microsoft anapanga gulu la Trusted Computing Platform Alliance, lomwe mu 2003 linalowedwa m'malo ndi Trusted Computing Group. Mfundo yawo inali yomveka: pulogalamu singadzilondere yokha. Kiyi wachinsinsi akakhala pa disiki kapena mu memori, vairasi yomwe yalowa ikhoza kumutenga, choncho pafunika kachipangizo kapadera kosunga makiyi, koti ngakhale Windows isathe kukaumiriza kuulula. Microsoft italengeza ntchito yake ya Palladium mu 2002, anthu ngati Ross Anderson wa ku yunivesite ya Cambridge ndi Richard Stallman anachenjeza kuti kachipangizo komweko kakhoza kubisira makiyi mwini kompyuta, n'kumamvera makampani a mafilimu, nyimbo ndi mapulogalamu. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zinanena zoona, kungoti zinkakamba za ntchito zosiyana za zipangizo zomwezo. Munthu wosalekanitsa ntchitozi amazimitsa chitetezo chimene chikanamuthandiza, kapena amalola chilichonse poganiza kuti zonse ndi chitetezo.

Ntchito zitatu zimene anthu amazisakaniza

Yoyamba ndi ya TPM yeniyeniyo: kuyeza ndi kusunga makiyi. Kompyuta ikamayaka, gawo lililonse limayeza gawo lotsatira lisanalipatse mpata. Firmware, pulogalamu yoyamba kuyaka imene ambiri amaitcha BIOS, imayeza bootloader, kapulogalamu koyatsa Windows kapena Linux, bootloader nayo imayeza zobwera pambuyo pake. Kuyezaku ndi kuwerengera nambala yotchedwa hash, imene imasinthiratu fayilo ikasintha ngakhale pang'ono. Nambalazi zimalowa m'malo 24 a mu TPM otchedwa PCR: PCR 0 imasunga za firmware, PCR 4 za bootloader, PCR 7 za mmene Secure Boot yakhazikitsidwira. M'malo amenewa simungalembemo nambala yomwe mukufuna. Mumangowonjezera pa imene ilimo kale, ndipo imayambira pa ziro kompyuta ikayakanso. Kiyi wotsegulira disiki amamangiriridwa ku nambalazi, moti TPM imamutulutsa pokhapokha nambala za lero zikafanana ndi za tsiku lomwe anamangiriridwa. Wakuba akazula disiki n'kuiika m'kompyuta ina, kapena akayatsa laputopu yanu ndi flash yake, kiyi satuluka. Apa wopindula ndi mwini wake. TPM payokha siletsa pulogalamu iliyonse kugwira ntchito. Imangolemba zimene zachitika, n'kuvomera kapena kukana kutulutsa kiyi.

Yachiwiri, yoletsa, ndi Secure Boot, imene ili mu firmware ya UEFI osati mu TPM, ndipo inafala ndi Windows 8 mu 2012. Imakana kuyatsa bootloader yopanda siginecha yodziwika. Ili ndi kiyi wamkulu wotchedwa PK, amene nthawi zambiri ndi wa kampani yopanga kompyutayo, makiyi a KEK ololedwa kusintha mindandanda, mndandanda wa db wa zololedwa, ndi wa dbx wa zoletsedwa. Ubwino kapena kuipa kwake kwagona pa funso limodzi: kodi mwini makina angaikemo makiyi ake kapena kuizimitsa? Pa makompyuta ambiri a Intel ndi AMD angathe. Pa iPhone ndi pa Xbox njira yoteroyo kulibe.

Yachitatu ndiyo gwero la mkangano. Imatchedwa remote attestation: makina anu amachitira umboni kwa munthu wakutali za mapulogalamu amene akuyenda mkati mwake. TPM iliyonse ili ndi kiyi wakewake, Endorsement Key, wokhala ndi satifiketi ya kufakitale, ndipo mbali yake yachinsinsi ngakhale mwini kompyuta sangaione. Seva ya masewera kapena ya kuntchito ikafunsa, makinawo amatumiza lipoti losainidwa limene inu simungalisinthe. Mu 2003 Seth Schoen wa bungwe la Electronic Frontier Foundation anapereka maganizo oti mwini makina, ali pomwepo pa makina akewo, azitha kusintha lipotili mwadala. Sanamumvere, chifukwa kwa ofuna lipotilo phindu lake lonse ndi loti mwini sangalikhudze.

DRM ndi loko amene ogulitsa mafilimu, nyimbo ndi mabuku amaika kuti zisakoperedwe, ndipo ya mafilimu nthawi zambiri sidutsa n'komwe mu TPM. Imadalira chigawo chotsekedwa cha mu purosesa, monga TrustZone ya m'mafoni, njira yotetezedwa ya mu graphics, ndi loko wa HDCP pa chingwe cha HDMI. Kuzimitsa TPM sikuchotsa DRM ya Netflix, ndipo kuiyatsa sikuiwonjezera.

TPM ya mtundu wanji

Ina ndi chip yapayokha pa motherboard, yopangidwa ndi makampani ngati Infineon, Nuvoton ndi STMicroelectronics, ndipo imapezeka kwambiri m'malaputopu a m'maofesi monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook. Ina ndi ya firmware, yokhala mkati mwa purosesa kapena chipset: a Intel amaitcha PTT, a AMD amaitcha fTPM. Makompyuta ambiri amene Windows 11 imati alibe TPM amakhala ali nayo, kungoti ndi yozimitsa mu BIOS, kawirikawiri pansi pa Security kapena Advanced. Palinso Pluton ya Microsoft, yolengezedwa mu 2020, imene firmware yake imabwera kudzera mu Windows Update.

Chip yapayokha ili ndi chofooka chodziwika bwino. Kiyi amayenda pa timizere ta LPC kapena SPI kuchoka ku chip kupita ku purosesa, ndipo BitLocker, pulogalamu ya Windows yokiya disiki, ikakhala yopanda PIN, TPM imamutumiza kompyuta ikangoyaka. Mu 2024 wofufuza wina anaonetsa kuti ndi Raspberry Pi Pico, kachipangizo kotchipa kwambiri, munthu angatole kiyiyo pa laputopu yakale ya Lenovo pasanathe mphindi imodzi. Ya firmware ilibe timizere toti munthu agwirepo, koma nayo ili ndi zake: mu 2023 ofufuza a ku TU Berlin anathyola fTPM ya AMD posokoneza mphamvu ya magetsi olowa mu purosesa. Ndipo mu 2017 vuto la ROCA m'ma chip a Infineon linafooketsa makiyi a RSA mpaka dziko la Estonia linaimitsa masatifiketi a ziphaso zoposa 700,000. Kwa wogula wamba kusiyana konseku sikuyenera kukhala chosankhira kompyuta. Chongoyenera kudziwa okonza ndi chakuti mukasintha purosesa pa desktop ya AMD, BIOS imafunsa ngati ifufute fTPM, ndipo mukavomera musanapeze recovery key, nambala yapadera yotsegulira disiki yokiyidwa, disikiyo yatsekeka.

Kusiya mmene Windows yaikira

Kuyambira ndi Windows 11 24H2, mukaika Windows mwatsopano n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft, nthawi zambiri disiki imakiyidwa yokha, ngakhale pa Home, ndipo recovery key ya manambala 48 imasungidwa mu akauntiyo. Secure Boot ikakhala yoyatsa, BitLocker imamangirira kiyi ku PCR 7 ndi 11. Ikakhala yozimitsa, ku PCR 0, 2, 4 ndi 11. Kwa anthu ambiri njirayi ndi yokwanira, chifukwa wakuba wamba amafuna kugulitsa laputopu, osati kulimbana ndi motherboard.

Ngozi yake yaikulu si wakuba ayi, koma kutsekeredwa kunja kwa mafayilo anu omwe. Chilichonse chosintha ma PCR chimabweretsa sikirini yabuluu yofunsa recovery key: update ya BIOS, kusintha motherboard, kuyatsa njira yakale yoyakira ya Legacy kapena CSM, ngakhalenso kutha kwa kabatire ka CMOS, kamene kamabwezera BIOS pa makonzedwe a kufakitale. Kawirikawiri zimene zimachitika ndi izi: wogulitsa kapena wokonza anaika Windows ndi akaunti yake, kapena anatsegula akaunti yongodutsira imene pasiwedi yake palibe akuikumbuka. Zikatero palibe katswiri amene angatsegule disikiyo, ndipo a Microsoft nawo sangakupatseni kiyiyo. Pa 19 Julaye 2024, update yolakwika ya CrowdStrike, kampani ya chitetezo cha makompyuta, itagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, mankhwala ake anali kufufuta fayilo imodzi basi, koma maofesi ambiri anachedwa chifukwa kuti afike pa fayiloyo pankafunika recovery key ya kompyuta iliyonse.

Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe manage-bde -protectors -get C: ndipo mukopere manambala 48 aja pa pepala pamodzi ndi ID yake. Pepalalo lisakhale m'chikwama cha laputopu. Musanachite update ya BIOS, lembani manage-bde -protectors -disable C: -RebootCount 2 kuti BitLocker ipume kaye pa kuyaka kuwiri, ndipo batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akathima BIOS ili pakati polembedwa, vuto limakhala lalikulu kuposa la kiyi. Kumbukiraninso kuti kiyi wosungidwa ku Microsoft akhoza kufunidwa ndi khoti la dziko lina. Amene izi zikuwadetsa nkhawa akhoza kumufufuta mu akaunti, n'kusunga wa papepala yekha.

Kuwonjezera PIN

Kwa osunga mafayilo a odwala, a malipiro, a milandu kapena a utolankhani, iyi ndiyo njira imene timalimbikitsa. TPM situlutsa kiyi mpaka mwini atalemba PIN, choncho kutchera khutu pa timizere tija sikuthandiza wakuba. PIN ya manambala 6 ndi yokwanira kuyambira, chifukwa Windows imakonza TPM 2.0 kuti idzitseke munthu akalakwitsa ka 32, n'kumakhululuka kulakwitsa kumodzi pa mphindi 10 zilizonse. Pamafunika Windows Pro, Enterprise kapena Education. Mu gpedit.msc, pansi pa BitLocker Drive Encryption ndi Operating System Drives, yatsani Require additional authentication at startup, kenako mulembe manage-bde -protectors -add C: -TPMAndPIN. Mukatha, onaninso mndandanda wa ma protector kuti pasatsale ya TPM yokha. Cholakwika chofala ndi kungotseka chivindikiro cha laputopu: pa Sleep kiyi amakhalabe mu memori ndipo PIN sifunsidwa. Poyenda gwiritsani ntchito Hibernate kapena kuzimitsiratu.

Linux ndi Secure Boot yoyatsa

Ubuntu, Fedora ndi Debian zimayaka popanda kuzimitsa Secure Boot chifukwa cha kapulogalamu kotchedwa shim, kosainidwa ndi Microsoft, kamene kamalandira siginecha ya amene anapanga Linux yanuyo. Lamulo la mokutil --sb-state limakuuzani ngati Secure Boot ikugwira. Disiki imakiyidwa ndi LUKS2, ndipo kuti TPM izithandiza kutsegula mumalemba systemd-cryptenroll --tpm2-device=auto --tpm2-pcrs=7 --tpm2-with-pin=yes kutsatiridwa ndi dzina la partition. Yambani ndi systemd-cryptenroll --recovery-key musanachite zimenezi. PIN musaisiye, chifukwa pa ma Linux ambiri fayilo ya initrd, imene imathandiza Linux poyaka, siisainidwa, moti munthu akhoza kuisintha PCR 7 osasintha, TPM n'kutulutsa kiyi.

Zovuta zake zimadziwika. Madalaivala a Nvidia ndi VirtualBox amafuna kuti mulembetse kiyi wanu wosainira, wotchedwa MOK, pa sikirini yabuluu imene imabwera kamodzi kompyuta ikayakanso. Mukaidumpha, dalaivala sagwira. Hibernate kawirikawiri imatsekedwa. Malaputopu ena atsopano a Lenovo amabwera satifiketi yolola shim ili yozimitsa, ndiye muyenera kuyatsa Allow Microsoft 3rd Party UEFI CA mu BIOS. Koma chofooka chenicheni cha njirayi ndi chakuti chilolezo chikuchokerabe ku Microsoft. Mu Ogasiti 2024 update ya Windows yofuna kutseka ma bootloader akale inalepheretsa makompyuta ena okhala ndi Windows ndi Linux pamodzi kuyatsa Linux.

Makiyi anuanu

Apa ndi pamene kompyuta imamveradi mwini wake. Mumaika BIOS mu Setup Mode, kenako ndi pulogalamu ya sbctl mumapanga PK, KEK ndi db zanu, n'kusaina nokha bootloader ndi kernel, mtima wa Linux. Palibe china chingayake popanda siginecha yanu. Njirayi imakuchotsaninso m'mavuto ngati a PKfail, omwe kampani ya Binarly inaulula mu 2024, pamene zinapezeka kuti mitundu mazanamazana ya makompyuta inagulitsidwa ndi PK woyeserera chabe amene mbali yake yachinsinsi inali itatayikira pa intaneti.

Tchenjerani pa chinthu chimodzi. Khadi la graphics, ndi zipangizo zina za mkati mwa malaputopu ena, zili ndi firmware yosainidwa ndi Microsoft. Mukachotsa masatifiketi a Microsoft onse, sikirini ikhoza kukhala yakuda osakulolani kufika ngakhale mu BIOS. N'chifukwa chake ambiri amalemba sbctl enroll-keys --microsoft, kutanthauza kuti akusunga a Microsoft pambali pa awo. Ndi njira ya munthu wokonzeka kusamalira makina ake nthawi zonse. Pa labu ya sukulu yokhala ndi woyang'anira mmodzi sitingailimbikitse.

Kuzimitsa zonse, kapena kuzemba

Pulogalamu ya Rufus ikhoza kukonza flash ya Windows 11 imene sifunsa za TPM kapena purosesa. Zimagwira, koma Microsoft imanena poyera kuti makina otero siwalonjeza ma update, ndipo mtundu watsopano wa chaka ndi chaka nthawi zambiri subwera wokha. Masewera ena, monga Valorant pa Windows 11, amakana kutseguka popanda TPM 2.0 ndi Secure Boot. Kwa laputopu yakale yabwinobwino yolembera, kuwerengera ndi kupita pa intaneti, Linux yokhala ndi pasiwedi yaitali ya LUKS ndi yabwino kuposa Windows 11 yolowetsedwa mokakamiza, ndipo TPM sifunika n'komwe. Choipa kwambiri pa zonse ndi disiki yosakiya konse: aliyense wokhala ndi sikuludilaiva amawerenga zonse.

Pogula ya kaunjika

TPM 2.0 yokha sikwanira. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita mtsogolo, kupatula zochepa chabe. Musadalire dzina la laputopu; onani nambala ya purosesa. Core i5-8250U ndi yololedwa, Core i5-7300U ayi, chonsecho ThinkPad T480 imapezeka ndi iliyonse mwa ziwirizi. Lembani tpm.msc kuti muone ngati Specification Version ndi 2.0, ndi msinfo32 kuti muone Secure Boot State. Lowani mu BIOS muli pomwepo pa shopu n'kuyesa kusintha kanthu. Ikafunsa supervisor password imene wogulitsa saidziwa, isiyeni, chifukwa pa malaputopu a m'maofesi kuchotsa kabatire sikuifufuta. Makina ochokera ku makampani akunja ena amakhala adakalembetsedwa mu Windows Autopilot, moti mukafomata n'kulumikiza intaneti amafunsa akaunti ya kampani yakaleyo. Onaninso ngati wopanga akutulutsabe ma update a BIOS, popeza masatifiketi a Secure Boot a Microsoft a 2011 amatha mu Juni ndi Okutobala 2026. Kompyuta yosalandira atsopano iziyakabe, koma chitetezo chake cha poyaka sichidzakonzedwanso.

Mafilimu, nyimbo ndi mabuku

Aliyense wokhala ndi dikoda ya DStv amaidziwa kale DRM: bokosi ndi lanu, koma chimene lionetse amalamula ndi ena. Pa mafoni a Android ntchitoyi imagwiridwa ndi Widevine ya Google. Pa mlingo wake wa L1 vidiyo imatsegulidwa m'chigawo chotsekedwa cha purosesa ndipo HD imaloledwa. Pa L3 zonse zimachitika mu pulogalamu wamba, ndiye Netflix imangopereka SD, kaya sikirini ndi yokongola bwanji. Pulogalamu ya DRM Info imaonetsa mlingo wa foni musanaigule. Komabe kwa wogula bandulo ya intaneti L3 si tsoka lalikulu, chifukwa SD imadya pafupifupi 1 GB pa ola, HD mpaka 3 GB, ndipo 4K mpaka 7 GB.

Kulipira mwezi ndi mwezi kuti muzionera kapena kumvera kulibe chinyengo, poti mukudziwa kuti mukubwereka. Vuto lili pa chinthu cholembedwa kuti mwagula koma chili ndi DRM. Kumeneko n'kukhala m'nyumba ya lendi: mumagonamo, koma landilodi ali ndi kiyi wake. Mu 2009 Amazon inafufuta mabuku ena m'ma Kindle a anthu amene anali atalipira kale. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku onse ogulidwa n'kusiya kutseguka, ngakhale ndalama inabweza. Intel itachotsa chigawo chotsekedwa chotchedwa SGX m'mapurosesa a makompyuta wamba a m'badwo wa 11 ndi 12, ma disiki a Ultra HD Blu-ray ogulidwa mwachilungamo analeka kuonereka pa makompyuta atsopanowo. Mu 2005 ma CD a Sony BMG ankaika pulogalamu yobisika mu Windows imene mavairasi anayamba kubisalamo. Pa zonsezi wovutika anali wolipira, pamene wokopera mwakuba sanamve kanthu: chitetezo cha DVD chinathyoledwa mu 1999, ndipo kiyi wamkulu wa HDCP anatayikira pa intaneti mu 2010. Lamulo la DMCA la ku America la 1998 limaletsa kuthyola loko woteroyo, ndipo zololedwa kupatula ndi zochepa.

Choncho chimene mukufuna kukhala nacho zaka zambiri chiguleni chopanda DRM: MP3 kapena FLAC, EPUB kapena PDF yosakiya. Nyimbo za pa iTunes zinasiya kukhala ndi DRM mu 2009, Bandcamp imagulitsa mafayilo osakiya, ndipo GOG imachita chimodzimodzi ndi masewera.

Oimba, olemba ndi osindikiza nawo ali ndi chosankha. DRM yolimba imafuna seva, malipiro a laisensi ndi intaneti kwa wogula, ndipo imatsekera kunja munthu wa foni yotchipa amene amalandira zinthu pa memori khadi. Watermark, yolemba dzina kapena nambala ya wogula mkati mwa fayilo, siletsa kukopera koma imachititsa munthu manyazi kugawa, ndipo fayilo imatseguka paliponse. Kwa mabuku obwereketsa m'malaibulale pali Readium LCP, imene imatsegulidwa ndi mawu achinsinsi m'malo momangirira owerenga ku kampani imodzi. Pa mabuku a sukulu timaima ku watermark kapena kusakiya konse, makamaka chifukwa cha ophunzira osaona: DRM yambiri imalepheretsa mapulogalamu owerenga mokweza ndi osinthira ku Braille. Pangano la Marrakesh la 2013, limene Malawi analowamo mu 2017, limafuna kuti maloko otere asatsekereze osaona.

Foni ndi umboni wotumizidwa kutali

Zimene otsutsa Palladium ankaopa zachitika kwambiri pa foni kuposa pa kompyuta. Activation Lock ya Apple ndi Factory Reset Protection ya Android zimachepetsa phindu la kuba foni, ndipo zimenezo n'zabwino, koma foni ya kaunjika imene mwini wakale sanachotsemo akaunti imangosanduka sipeya. Pogula, ifomateni pamaso pa wogulitsa n'kuikamo akaunti yanu musanalipire. Mafoni a ngongole amakiyidwa kutali mukaphonya kulipira, pogwiritsa ntchito zida ngati Knox Guard ya Samsung. Funsani mwa kalata ngati loko adzachotsedweretu ngongole ikatha.

Kutsegula bootloader kumafufuta zonse za m'foni, pa mafoni ambiri kumagwetsa Widevine kuchoka pa L1 kupita pa L3, ndipo pa Samsung kumawotcha fyuzi ya Knox imene sibwereranso, moti Secure Folder imasiya kugwira mpaka kalekale. Huawei inasiya kupereka manambala otsegulira mu 2018. Mafoni a Pixel ndi ena mwa ochepa amene amalola kuika Android ina, monga GrapheneOS, n'kutsekanso bootloader ndi kiyi wa Android yatsopanoyo. Umu ndi mmene zipangizozi zimayenera kugwirira ntchito kulikonse: chitetezo chilipo, ndipo wosankha ndi mwini.

Ngakhale zili choncho, Play Integrity ya Google, imene inalowa m'malo mwa SafetyNet, imafunsa ngati foni ikuyenda ndi Android yovomerezedwa ndi Google, osati ngati ndi yotetezeka. Zotsatira zake n'zopweteka: foni imene wopanga anaisiya zaka zapitazo, yodzaza ndi mabowo odziwika, ikhoza kupambana mayeso a device integrity, pamene foni yomweyo itaikidwa Android ina yotchedwa LineageOS ya mwezi uno imalephera, pulogalamu ya banki n'kukana kutseguka. Wolangidwa ndi amene akuyesetsa kutalikitsa moyo wa foni yake chifukwa ndalama ya yatsopano alibe. Mu 2023 Google inayesa kubweretsa njira yofanana ndi iyi pa mawebusaiti onse, pansi pa dzina la Web Environment Integrity, koma inaisiya mu Novembala chaka chomwecho anthu atakana mwamphamvu.

Ngati foni yanu ndi imodzi ndipo ndi yomwe mumasungira ndalama, musatsegule bootloader. Zoyeserera zichitikire pa foni yachiwiri. Ntchito za USSD, monga za Airtel Money ndi TNM Mpamba, sizidalira umboni umenewu, choncho zimagwira pa foni iliyonse. Opanga mapulogalamu a mabanki ndi a boma ali ndi mpata wosankha bwino kuposa kungotseka chitseko. Lipoti la Play Integrity likhoza kukhala chizindikiro chimodzi mwa zingapo: foni yolephera ichepetsedwe malire a ndalama zotumiza kapena ifunsidwe chitsimikizo chachiwiri. Android ilinso ndi hardware key attestation, imene imalola seva kuona kiyi weniweni amene anasaina Android ya m'foniyo, moti banki ikhoza kuvomereza makiyi a ma Android ena odalirika m'malo modalira mndandanda wa Google wokha. Ndipo ntchito iliyonse imene nzika singaipewe, kaya kulipira msonkho kaya kuona zotsatira za mayeso, iyenera kukhala ndi njira ya USSD kapena ya pa webusaiti imene sifunsa foni kuti inasainidwa ndi ndani.